Ofesi yolembera anthu makalata pa Kasungu ndi kasankhidwe kake ka mawu

Pa boma la Kasungu pali timaofesi tambiri totaipa makalata, kuchita fotokope ndi kusindikiza zithunzi za ziphaso, ndipo pafupifupi tonse timagwira ntchito mofanana: munthu amabwera ndi pepala limene walemba kale pamanja, iwo n'kulitaipa monga momwe liliri, ndi zolakwika zake zomwe. Ofesi imene ndikuiunika pano ili m'kanjira kena pakati pa msika waukulu ndi depoti ya mabasi, ndipo zonsezi imachitanso, koma chimene anthu amaitsatira ndi china. Munthu amafika ndi nkhani yake kukhosi, nthawi zina ndi mkwiyo womwe, ndipo mwini ofesiyo amamukhazika pansi, kumufunsa mafunso, kenako n'kumulembera kalatayo kuyambira pa moni mpaka posainira. Ine ndine mlembi wa kalabu ya alimi kumbali ya kwa Santhe, ndipo udindo umenewu wakhala ukundifikitsa kumeneko pa nkhani za kalabu komanso za abale ndi anansi amene amandipempha kuti ndiwaperekeze.

Mwini wake ndi bambo wachikulire amene anaphunzitsa Chichewa ku sekondale kwa zaka zambiri asanapume pantchito, ndipo aliyense amangowatchula kuti aphunzitsi. Amathandizana ndi mtsikana wina amene amakhala pa kompyuta. Amalemba makalata odandaula opita kwa mafumu kapena ku maofesi a boma, malamulo a makalabu ndi a magulu a banki m'khonde, makalata ofunsira ntchito, mapangano a ngongole ndi a lendi ya munda, zilengezo zokawerengedwa pa wailesi, ngakhalenso mbiri ya munthu yokawerengedwa pa maliro. Kutaipa amalipiritsa pa tsamba lililonse ndipo mtengo wake unamatidwa pakhoma, pomwe kulemba kumene amalipiritsa malinga ndi kukula kwa nkhaniyo, theka poyamba, theka potenga kalata, kaya ndi ndalama yapamanja, Airtel Money kapena Mpamba. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala ndi inki zinakwera mtengo, ndipo nawonso akhala akukweza mitengo yawo monga ena onse. Chimene sichindisangalatsa n'chakuti mtengo wa kulemba sunalembedwe paliponse, mumaumva pakamwa mutafotokoza kale nkhani yanu yonse, pamene n'kovuta kunyamuka n'kupita kwina. Lisiti amapereka pokhapokha mwaipempha, zimene kwa munthu wogwiritsa ntchito ndalama za gulu ngati ine si nkhani yaing'ono.

Luso la aphunzitsiwa ndinalionera pa nkhani ya msungichuma wa kalabu yathu. Ndalama zimene mamembala anasonkha zogulira feteleza zinapezeka kuti zaperewera, ndipo msonkhano unandituma kuti ndikalembetse kalata yowaitana kuti adzayankhe. Pepala limene ndinatenga linali ndi mawu amene anthu anayankhula pamsonkhanopo, akuti msungichumayo ndi wakuba, anadya ndalama za anthu osauka, ndipo abweze msanga asanaone zakuda. Aphunzitsi anawerenga mwakachetechete, n'kuvula magalasi, n'kundifunsa kuti: "A mlembi, ndalamazi munawaona akuziika m'thumba mwawo, kapena munangoona kuti zimene zili m'buku sizikugwirizana ndi zimene zili m'bokosi?" Funso limeneli ndi limene linawongola kalata yonse. Analemba tsiku limene ndalamazo zinasonkhedwa, kuchuluka kwake monga mwa buku, kuchuluka kwa zimene zinapezeka powerenga pamaso pa komiti, kusiyana kwake, ndi pempho lakuti bambowo abwere ndi mabuku onse pa tsiku lakuti kuti adzafotokoze. Mawu akuti kuba sanapezeke paliponse, koma munthu aliyense wowerenga kalatayo ankaona yekha kukula kwa nkhaniyo.

Mamembala ena anadandaula kuti kalatayo yazizira, ndipo kudandaula kwawo ndikukumvetsa, pakuti munthu amene walipira amafuna kuti pepala limulankhulire mokweza. Komabe ine ndili kumbali ya aphunzitsi pamenepa. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, amanena m'ndime 42 kuti munthu woimbidwa mlandu amaonedwa ngati wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo kalata yotchula munthu kuti wakuba, yokhala ndi siginecha ya wapampando ndi chidindo cha kalabu, ingathe kutembenuka n'kukhala umboni pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Masiku ano pepala silikhalanso m'manja mwa olilandira okha, chifukwa wina amalijambula n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, ndipo kuyambira mu 2016 pali lamulo loona za mauthenga a pa intaneti limene lafikitsa anthu ambiri ku polisi pa zinthu zimene analemba atapsa mtima. Msungichumayo anabwera kumsonkhano, mwina chifukwa kalatayo inamusiyira khomo lolowera. Zinadziwika kuti gawo lina la ndalamazo anabwereketsa membala wina osalemba m'buku, ndipo gawo lotsalalo, limene analephera kulifotokoza, anavomera kubweza akagulitsa fodya ku Chinkhoma. Udindo anamuchotsa.

Pa nkhani za malo ndi pamene kasankhidwe ka mawu kameneka kamakhala kofunika koposa, chifukwa cha mbiri ya boma lino. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya anachuluka kwambiri ku Kasungu, ndipo anthu ambiri anachoka ku maboma a kummwera monga Mulanje ndi Thyolo kudzagwira ntchito kuno. Ena a iwo anapempha malo kwa mafumu, anamanga, anaika abale awo m'manda a kuno, ndipo lero zidzukulu zawo sizidziwa mudzi wina. Mkangano wa malire ukabuka, mawu oyamba kutuluka pakamwa ndi akuti obwera, ndipo mbali inayo imadzitcha eni nthaka. Mawu awiriwa amaoneka ngati ongofotokoza, koma amagamula mlandu usanazengedwe, pakuti wobwera ndi munthu amene angauzidwe kuti abwerere. Chimodzimodzinso mawu akuti mkamwini, amene pa mwambo wathu wa chikamwini ndi dzina wamba la mwamuna wokhala kwa mkazi wake, koma akalowa m'kalata ya mkangano wa munda amakhala ndi tanthauzo lakuti munthuyu alibe ponena.

Ndinaperekeza mayi ena a m'mudzi mwathu amene ankafuna kudandaula kwa Gogo Chalo za banja loyandikana nawo munda, ndipo m'kufotokoza kwawo mawu akuti obwerawa sankachoka pakamwa. Aphunzitsi anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati: "Mayi, kubwalo akakufunsani kuti anthuwa anafika liti ndipo malowo anawapatsa ndani, ndiye tiyeni tilembe zimenezo, dzina lawo lilipo." M'kalatamo banjalo linatchulidwa ndi dzina lake, kuti linapatsidwa malo ndi nyakwawa ya nthawi imeneyo, kuti malire anali mtengo wa muwanga ndi chulu, kuti mtengowo unadulidwa, ndipo kuyambira pamenepo mizere yakhala ikusendera chaka ndi chaka kulowa mbali ya mayiwo. M'malo molemba kuti alanda munda, analemba kuti akulima mizere yakutiyakuti imene mayiwo amaidziwa kuti ndi yawo, n'kutchula anthu achikulire amene analipo poika malirewo. Lamulo la malo a mafumu la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti ndi mabwalo oona za malo, ndipo zimene mabwalo oterewa angagwiritse ntchito ndi zomwezi: malowo anapezeka bwanji, akhala akulimidwa ndi yani, mboni zake ndani. Kalata yodzaza ndi mawu onyoza imangopatsa mbali inayo chodandaula chatsopano.

Amachitanso chimodzimodzi ndi anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, amene madandaulo awo a mbewu zowonongeka anamveka kwambiri kuchokera pamene njovu 263 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde mu 2022. Salemba zotukwana ogwira ntchito za nyama zakutchire, ndiponso salola kuti odandaulawo aoneke ngati olowerera m'nkhalango. Amalemba tsiku, mudzi, mbewu imene inadyedwa ndi kukula kwa munda. Pa nkhani za chuma cha masiye sagwiritsa ntchito mawu akuti mwana wapathengo ngakhale wolembetsayo aumirire, amangoti mwana wa malemu wobadwa kwa mayi wakuti, ndipo amakumbutsa anthu kuti ndime 23 ya malamulo aakulu imati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, komanso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa malemu. Mayina akale onyazitsa anthu aulumali ndi anthu achialubino sawalemba n'komwe, ndipo ndinamva akudzudzula mtsikana wotaipayo mofatsa atasiya dzina lotere m'chilengezo chimene munthu wina anabwera nacho cholemba kale.

Pali nkhani imodzi imene sindinagwirizane nawo, ndipo ndiyo yandichititsa kulemba zonsezi, chifukwa ikuonetsa pamene kusakondera kumathera. Mnyamata wina wa kumpingo kwathu ndi mkazi wake anagwira ntchito ya fodya pa esiteti ina nyengo yonse, kuyambira kuthirira nazale m'chilimwe, kuwokera mvula itagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha, mpaka kudinda mabelo. Pa miyezi yonseyi ankalandira chimanga ndi mchere zimene mwini esitetiyo ankalemba ngati ngongole, atawalonjeza kuti malipiro adzalandira fodya akagulitsidwa. Fodya anagulitsidwa, ndipo anauzidwa kuti ngongole yadya zonse. Anafuna kalata yopita ku ofesi ya zantchito. Kalata yoyamba imene aphunzitsi anatiwerengera inanena kuti pali kusamvana pa nkhani ya malipiro pakati pa mwini munda ndi alimi amene ankathandizana naye kulima fodya.

Mawu amenewa ndi ofatsa, koma si apakati. Kusamvana kumatanthauza kuti mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, pomwe chimene chinachitika n'chakuti anthu awiri anagwira ntchito miyezi yambiri osalandira ndalama, ndipo mwini esitetiyo sanakane zimenezo. Kuwatchula kuti alimi othandizana naye n'koipa koposa, chifukwa ndi dzina limene eni maesiteti ena amalikonda masiku ano pa chifukwa chodziwika. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti, kutanthauza kuti munthu wolimira mnzake fodya ayenera kulembedwa ngati wantchito ndi kulandira malipiro ake. Munthu akalembedwa kuti ndi wantchito, ofesi ya zantchito ili ndi poyambira, pomwe akalembedwa kuti ndi mlimi mnzake wa mwini munda, nkhaniyo imaoneka ngati ya anthu awiri amene anagwirizana malonda ndipo malondawo sanayende. Dzina limene linasankhidwa kuti lisakwiyitse munthu linali litachotsa kale odandaulawo pansi pa lamulo limene likanawateteza.

Tinakambirana kwa nthawi ndithu, ndipo ndiyenera kunena kuti aphunzitsi si munthu wouma mutu. Anavomera kulemba kuti banjalo linagwira ntchito pa esitetiyo kuyambira mwezi wakuti kufika mwezi wakuti, kuti mwini wake ndiye ankapereka mbewu, feteleza ndi malangizo a tsiku ndi tsiku, kuti fodya anagulitsidwa m'dzina la mwini esitetiyo, kuti banjalo silinaonetsedwe pepala la malonda kapena buku la ngongole, ndipo kuti mpaka tsiku lolemba kalatayo silinalandire ndalama iliyonse. Anakana kulemba mawu amene mnyamatayo ankafuna, akuti anatidyera masuku pamutu ndiponso kuti ndi munthu wopanda chisoni, ndipo pamenepo ndinawavomereza, chifukwa amenewo ndi maganizo a wodandaula, osati zochitika. Kusiyana kwake ndi kumeneku: m'nkhani ya msungichuma anachotsa chigamulo n'kusiya zochitika zonse poyera, pomwe m'kalata yoyamba ya banjali anafewetsa zochitika zenizenizo.

Chifukwa chake sindingachilumbirire, koma sindingabisenso zimene ndimaona. Eni maesiteti ndi ogula mbewu nawonso ndi makasitomala a ofesiyi, ndipo ntchito zawo, monga mapangano ndi makalata a ku banki, ndi zazikulu ndiponso zimabwera chaka chilichonse, pomwe waganyu amabwera kamodzi ndi ndalama yobwereka. Sindikunena kuti aphunzitsi analandira kanthu kapena kuti ankamudziwa mwini esitetiyo. Ndikunena kuti munthu amene amadya za cholembera m'tauni yaing'ono ngati ino amazolowera mawu a anthu amene amamulipira kawirikawiri, mpaka mawuwo amayamba kumveka ngati ndiwo Chichewa chabwinobwino, ndipo a mbali inayo n'kumamveka ngati aukali. Wolembetsa amene sadziwa kuwerenga, kapena amene amachita manyazi kutsutsa munthu wamkulu wovala jekete, sangazindikire kuti kalata yake yapendekeka.

Chimene chimachepetsa vutoli ndi mwambo wa aphunzitsi wowerengera munthu kalata yonse mokweza asanasaine kapena kudinda chala, ndipo amaima pa ndime iliyonse n'kufunsa ngati ndi zimene munthuyo amafuna kunena. Mwambo umenewu ndi wofunika chifukwa dzina la aphunzitsi silioneka pa kalata iliyonse, woyankha pa mawu onsewo ndi wosainayo. Kalata ikakhala yopita ku ofesi imene imafuna Chingerezi, amayamba kulemba m'Chichewa, mwini nkhani n'kuvomereza, kenako n'kumasulira, ndipo amapereka mapepala onse awiri ngakhale kuti amalipiritsa kawiri. Chingerezi chawo n'chachikale pang'ono koma n'chomveka. Chichewa chawo n'chaudongo, cha munthu amene anaphunzitsa malamulo a kalembedwe a bungwe la Chichewa Board, lija linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Chitumbuka salemba, ndipo anthu ochokera kumpoto kwa boma lino, monga kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, amawauziratu zimenezi asanayambe.

Pali ntchito zimene amakana ngakhale ndalama ili patebulo. Salembera mbali zonse ziwiri za mkangano umodzi, ndipo wobwera pambuyo amamuuza kuti akafune wina popanda kumuululira chimene mnzake analemba. Salembera ana a sukulu kapena a ku koleji ntchito imene apatsidwa m'kalasi. Pa nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 analembera timapepala anthu opikisana a zipani zosiyanasiyana, koma ankalemba malonjezo a munthuyo okha, osati zonena za opikisana naye. Sadzitenga ngati loya, ndipo nkhani ikafika pofuna kulumbira kapena kukasuma ku khoti amatumiza munthu kwa majisitireti kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Ena amaona ngati n'kudzikonda, koma ine ndimaona kuti n'chifukwa chake makalata ochokera m'manja mwawo amalandiridwa mwaulemu kumabwalo a mafumu.

Chinsinsi ndicho chimasowa pa ofesiyi. Chipinda n'chimodzi, benchi la odikira lili pafupi ndi tebulo la aphunzitsi, ndipo mayi amene akufotokoza za chuma cha malemu amuna ake amamvedwa ndi mnyamata amene wabwera kudzachita fotokope ya chiphaso. Pa kompyuta makalata amasungidwa ndi mayina a eni ake, ndipo aliyense woima kumbuyo kwa wotaipayo angawerenge mndandanda wonse. Mtsikanayo amakondanso kutsegula kalata yakale n'kusintha mayina kuti afulumire, ndipo pa pangano lina la lendi ya munda ndinapeza dzina la mudzi wa munthu wina litatsalira m'ndime yomaliza. Anakonza osalipiritsanso, koma munthu wosamala mawu chonchi anayenera kusamalanso kumene mawuwo akugona. Katani yotchinga ndi benchi loika panja sizingawawonongere ndalama zambiri.

Magetsi akazima ntchito ya pa kompyuta imaima chifukwa alibe jenereta kapena sola, ngakhale kuti aphunzitsi amapitiriza kufunsa ndi kulemba pamanja m'kope lawo. Kuyambira mwezi wa Epulo, msika wa fodya ukatsegulidwa, anthu amachuluka kwambiri ndipo kalata imene nthawi zina imatha tsiku lomwelo imagona mpaka mawa, choncho ndi bwino kulawirira m'mamawa. Wopita kumeneko atenge mabuku, malisiti, masiku enieni ndi mayina a mboni, chifukwa aphunzitsi salemba chimene munthu akungoganizira, ndipo afunse mtengo asanayambe kufotokoza. Amene nkhani yake ndi ya malipiro kapena ya munthu wamphamvu kuposa iye apite ndi mnzake wodziwa kuwerenga, ndipo powerengeredwa amvetsere ngati chiganizo chonena zimene zinamuchitikira chilimo monga zinachitikira. Potuluka apemphe kuti kalatayo amuikire pa fulashi kapena amutumizire pa foni, kenako aifufute pa kompyuta ya ofesiyo iye akuona.